Maliro Amene Ndinathamangira

Mpaka lero amalume anga a Rafaelo akandipatsa moni ndimayankha, chifukwa makolo anandilera bwino, koma akakhala pansi ine ndimapeza chochita kwina. Anthu amati ndine wosunga mangawa. Mwina ndi zoona. Koma onena zimenezowo sanakhale nawo mpando umodzi kuchokera ku Joni mpaka ku Mulanje monga ndinachitira ine ndili mtsikana wa Folomu 3.

Chaka chimenecho ndinali ku South Africa, kufupi ndi Pietermaritzburg. Sekondale yathu inkasinthana ophunzira ndi sukulu ina ya mpingo kumeneko, ndipo mwayi unagwera ine, mwana wa kapitawo wa othyola tiyi, wokulira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti. Ndinapita mu Januwale, kobwerera kunali mu Disembala. Bambo anga, a Mpwesiwa, ananyadira nkhaniyi mpaka anzawo a kuntchito anatopa nawo. Iwo zilembo za pafoni ankati zimawaonekera ngati nyerere, ndiye akafuna kundilembera ankauza achimwene anga a Pilirani zonena, achimwenewo n'kumalemba. Mawu awo enieni ndinkawamva mwa apo ndi apo. Chakumapeto kwa chaka ndikaimba ndinkauzidwa kuti ali kumunda, kapena ali pa sikelo yoyezera tiyi, kapena netiweki ya kuphiri yavuta. Mauthenga ankabwerabe, ndiye sindinaganize kanthu.

Kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke, amayi anaimba.

"Edina, bambo ako sakupeza bwino. Usachedwe m'njira. Amalume ako akakuchingamira ku Joni, mubwerere limodzi."

Ndinafunsa chimene chavuta, anati chifuwa. Ndinapempha kuti ndiyankhule nawo, anati agona. Kuyambira pamenepo m'mutu mwanga munalibenso za mphatso kapena zotsanzikana ndi anzanga. Ndinkangofuna kufika ndi kuwaona bambo.

Banja limene linkandisunga linandikweza basi ya ku Joni, ndipo za chigawo chimenecho ndilibe chonena. Amalume ndinawapeza pa Park Station atakhalira katoni yaikulu ngati nkhuku pa mazira. M'katonimo munali sola ndi batire zimene anasonkhera chaka chonse posamalira maluwa m'nyumba za anthu. Kwathu amalumewa amadziwika ndi kuuma manja, munthu woti akagula zakumwa amakamwera kuseri kwa golosale. Koma tsiku limenelo anandigulira nkhuku ndi tchipisi ndisanapemphe. Ndikanakhala wochenjera ndikanadzidzimuka pomwepo.

"Bambo ali bwanji, amalume?"

"Ali choncho. Idya kaye, njirayi ndi yaitali."

Basi ya ku Blantyre ankati inyamuka m'mawa. Dzuwa linafika paliwombo tidakali pomwepo, anyamata opakira akukangana ndi azimayi a geni pa za kulemera kwa katundu. Chilichonse chimene Mmalawi angagule ku Joni chinali pamenepo, mabulangete, mapoto, matayala, mafiriji, mpaka chitseko chathunthu. M'mimba mwa basi mutadzaza anayamba kuunjika mu ngolo yokoka kumbuyo, n'kumanga ndi zingwe mpaka ngoloyo inapendekeka. Mtengo wa mpando unali wina, wa katundu wina, ndipo kondakitala anatiuziratu kuti tidzasonkhanso ya m'maboda. Amalume analipira zonsezo osang'ung'udza, ine osaona chachilendo.

Pa boda ya Beitbridge tinafika kukucha ndipo tinachokapo dzuwa litapendeka. Amene sanaimepo pa mzere wa pamenepo asamanene kuti amadziwa kudikira. Kutentha kwake kumachokera kumwamba ndi pansi pomwe. Titadinditsa mbali ya South Africa tinawoloka mlatho n'kukayambanso mzere wina, kenako anati katundu yense atsike kuti amuone. Zonse zimene anyamata aja anamanga theka la tsiku zinamasulidwa n'kuyalidwa pa simenti, aliyense ataima pambali pa zake.

Pamenepo ndi pamene mayi wina wonenepa, wa mabulangete ambiri, anayamba kundiyang'anitsitsa. Anzake ankamuitana kuti amake Gilesi, ndipo ndinamva kuti ali ndi benchi pa msika wa Chinakanaka.

"Iwe mwana, nkhopeyi ndikuidziwa. Kwanu si ku Mulanje?"

"Ndi komweko, amayi."

"Mwana wa ndani?"

"Wa a Mpwesiwa, akapitawo."

Anaika chigubu cha madzi pansi n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Iii, mwana wanga, pepa. Pepa ndithu. Ndiye iwe unali kunoko nthawi yonseyi? Ifetu tina..."

Amalume anatembenuka ngati alumidwa ndi mavu. "Mayi, mabulangete anu akuwaitana uko. Edina, akuti pepa ndi matenda a bambo ako." Anawonjezera mawu ena m'Chilomwe, mothamanga, podziwa kuti ine Chilomwe ndimangotola apa ndi apo.

Amake Gilesi anasiya dzanja langa. "Eee, matenda. Matendatu ndi ovuta."

Munthu sagwira mnzake ndi manja awiri chifukwa cha chifuwa. Ndinkadziwa zimenezo, koma mtima unakana kuzilandira. Zimbabwe yense ndinamudutsa osaona kanthu kupatula apolisi a pamsewu amene ankatiimitsa pafupipafupi, kondakitala n'kumatsika ndi kachikwama kake. Titaima ku Harare kuti timwetse mafuta, mtsikana wina anandigawirako intaneti ya pafoni yake, ndipo ndinalembera bambo kuti ndili m'njira, andiuze zoona za mmene alili. Yankho silinachedwe. Linati akupezako bwino, ndiyende bwino, akundiyembekezera. Ndinapumira m'mwamba, mpaka ndinadya buledi amene ndinali nditamukana tsiku lonse.

Koma amake Gilesi anayamba kundithawa. Ndikayang'ana kumene anakhala, iwo ankayang'ana pawindo. Pa Nyamapanda, boda yolowera ku Mozambique, Lachisanu m'mawa, ndinawapeza okha pa mpopi wa kuseri kwa zimbudzi akusukusula.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Ine si mwana woyamwa."

"Kafunse amalume ako."

"Ndafunsa kale. Tsopano ndikufunsa inu. Akanakhala bambo anu, mukanakondwa kuti anthu azikuyang'anani mmene mukundiyang'anira inemu?"

Anatseka mpopi, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje kwa nthawi yaitali. "Anatisiya, mwana wanga. Akapitawo anatisiya."

"Liti?"

Anayang'ana kumapazi. "Za masikuzo ine sindingadziwe. Ine ndimakhalira m'misewu."

Sindikumbukira mmene ndinayendera kuchoka pa mpopi paja. Ndimakumbukira kuti amalume ndinawapeza akusintha ndalama kwa anyamata a pa boda, ndipo nditawauza kuti ndamva, choyamba chimene anachita n'kufufuza ndi maso kumene kunali amake Gilesi.

"Pakamwa pa azimayi a geni!" anatero. Kenako anandikhazika pa mwala n'kufewetsa mawu. "Edina, usatione ngati oipa. Ndi mwambo. Munthu wa paulendo sauzidwa maliro. Ukanakomoka ku Joni ine ndikanatani nawe?"

"Amwalira liti?"

"Lachiwiri lomweli."

"Nanga uthenga wa dzulo uja?"

"Ndi Pilirani. Tinamuuza ndife kuti akulimbitse mtima."

"Ndiye awaika kale?"

"Aaa, iwe! Angawaike bwanji mwana wawo wamkazi asanafike? Thupi lili kumochale ku Boma. Akudikira iweyo. Mwambo wonse ndi mawa masana."

Titawoloka amalume anapeza netiweki n'kuimbira amayi, ndipo anandipatsa foni. Ndinalira mpaka mawu anakana kutuluka. Mawuwo atabwerera ndinanena chinthu chimodzi chokha.

"Amayi, musawaike ndisanafike. Ndikufuna ndidzawaone nkhope."

Kenako anati, "Tikudikira, mwana wanga."

Ndinawakhulupirira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinawakhululukiranso pomwepo. Ndinati m'mtima, chabwino, anandibisira masiku ochepa chifukwa chondikonda, ndipo asunga thupi chifukwa cha ine. Chotsala chinali kufika bokosi lisanakhomedwe. Kondakitala anati tikayenda bwino tigona ku Blantyre, ndiye nthawi inalipo yokwanira.

Sitinayende bwino. Titawoloka mlatho wa ku Tete n'kudutsa Moatize, kumbuyo kunamveka chiphokoso, basi n'kuyamba kugwedera. Chitsulo chogwira matayala a ngolo ija chinali chitathyoka, tayala limodzi lili m'tchire. Dalaivala anayenda mozungulira ngoloyo atagwira m'chiuno, n'kunena kuti makaniko akubwera kuchokera ku Tete. Makaniko anabweradi pa njinga yamoto, anagona pansi, anadzuka, anayankhula Chipwitikizi chambiri, n'kubwerera. Kenako tinamva kuti chitsulo china chichokera ku Blantyre, ndipo palibe amene anafunsa kuti chifika liti chifukwa tonse tinkadziwa yankho lake.

Anthu anayala zitenje pansi pa mlambe. Ana a m'midzi yapafupi anabwera ndi mabeseni a mango ndi madzi a m'mapepala. Amalume anagula mango, anavula nsapato, n'kuyamba kusenda ndi mano mwachifatse ngati ali pakhonde pawo.

"Amalume, tiyeni tikwere china. Tikagona pano sitikawapeza."

"Mtima pansi, Edina. Akonza."

"Akonza liti? Mwamva okha kuti chitsulo chili ku Blantyre."

"Nanga sola yangayi ndiisiyire ndani? Ukudziwa mmene ndavutikira nayo?"

Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sakwezeredwa mawu, koma tsiku limenelo ndinakweza mpaka onse a pansi pa mlambe anasiya zimene ankachita. Ndinati bambo anga aikidwa mawa, ine ndili pano kulondera batire. Bambo wina wachikulire, wa chipewa cha nsalu, anadzuka n'kubwera.

"Achimwene, zoona zimenezi? Malemuwo ndi ndani wanu?"

"Alamu anga."

"Ndiye sola ndi maliro a alamu anu, chachikulu n'chiti? Mwanayu akapanda kuona nkhope ya bambo ake, mudzamuyang'ana bwanji?"

Amalume akananena zoona pamenepo, pamaso pa anthu onse aja, mwina bwenzi lero tikumwera limodzi tiyi. Koma anasankha kuvala nsapato. Amake Gilesi anati katoni ndi sutikesi yanga tiwasiyire iwo, tikazipeza pa benchi yawo ku Chinakanaka. Ananena osandiyang'ana.

Azibambo anaima pamsewu kuimitsa magalimoto. Ambiri anangodutsa, mpaka inaima thiraki ina yonyamula feteleza. Dalaivala wake anali Mmalawi wa ku Balaka, wa kandevu ndi kachisoti koyera. Atamva nkhani anangoti, "Pepani, mlongo wanga. Kwerani." Amalume atatulutsa chikwama, iye anakankha dzanja lawo, nati pa maliro salipiritsa.

Thiraki yolemera imakwera mapiri a ku Zobue ngati nkhalamba. Pamene tinkafika pa boda n'kuti atatseka, ndipo tinagona momwemo. M'mawa wa Loweruka mzere unali utafika kale kumsewu. Dalaivala uja anandigwira pamkono n'kuyenda nane kutsogolo akuuza aliyense kuti, "Mwanayu akuthamangira maliro a bambo ake, akuika lero." Anthu amene anagona pa mzere, ena ndi ana kumbuyo, anapatuka popanda wodandaula. Wodinda mapasipoti anadinda osafunsa zambiri. Mbali ya Mwanza zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo mayi wina amene sindinamudziwe dzina anamasula chitenje chatsopano m'katundu wake wa malonda n'kundimanga m'chiuno.

"Sungakafike pa maliro a bambo ako ndi thalauza, mwana wanga. Pita, Mulungu akutsogolere."

Amalume ankayenda pambuyo panga akuthokoza aliyense, nkhope ili yachisoni, manja ali pachifuwa.

Thiraki inkayenera kudikira mapepala ake, ndiye dalaivala anatipezera minibasi ya ku Blantyre n'kutsanzika. Kuchokera pamenepo tinasintha ina ya ku Limbe, ndipo ku Limbe tinalowa ya ku Muloza imene inkaoneka yodzaza. Kondakitala ankakuwa kuti watsala mmodzi. Koma pakalowa munthu mmodzi, wina wa m'katimo ankatsika mwakachetechete, chifukwa theka la okhalamo anali anyamata olembedwa ganyu yongokhala kuti galimoto izioneka yodzaza. Ndinkadziwa kale za mchitidwe umenewu ndipo kale ndinkauseka, koma tsiku limenelo ndinawada anyamata amenewo ndi mtima wanga wonse. Dzuwa linkakwera ine ndikuliyang'ana.

Titanyamuka, galimoto inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Phiri linaonekera titadutsa Thyolo koma sindinalilabadire. Pa Luchenza anatsitsa matumba, pa Chinakanaka anakweza madengu a tomato, wina n'kuyambitsa mkangano wa chenje umene unatidyera nthawi. Tikuyandikira Boma ndinaimirira kuti titsike tithamangire kumochale, amalume n'kundikoka chitenje.

"Khala pansi. Pilirani wanditumizira uthenga, anyamula kale. Maliro ali kumudzi kwa amayi ako."

Kumudzi kwa amayi ndi chakufupi ndi Muloza, kuseri kwa esiteti imene bambo ankagwirako ntchito. Tinatsika pa siteji, ndipo achimwene a Pilirani anali pomwepo ndi njinga yawo ya kabaza, pakati pa anzawo. Anali atavala malaya awo a masiku onse ogwirira ntchito. Mayi wina atawaitana kuti amupititse ku boda, anayankha kuti adikire pang'ono abweranso. Ndinadabwa kuti munthu angalonjeze kasitomala pa tsiku loika bambo ake, koma ndinati mwina chisoni chawasokoneza. Anandipatsa moni maso ali pa tcheni cha njinga. Amalume anati titsogole, iwo agule kaye shuga wa pa maliro.

Njira ya kumudzi imadutsa m'mphepete mwa malaini. Ndinayang'ana nyumba yathu, yachitatu kuchokera ku mpopi, mmene ndinabadwira. Pakhomo panali katani wachilendo. Mayi amene sindinamuonepo ankasambitsa mwana pakhonde, ndipo pa kabwalo pamene bambo ankakonzera njinga panali chimanga chofika m'mawondo.

"Achimwene, m'nyumba mwathu muli ndani?"

"Kampani siichedwa, Edina. Munthu akachoka pa ntchito, nyumba amapatsa wina."

"Sabata isanathe? Nanga chimangacho chamera liti?"

Anangopalasa mwamphamvu, ine ndikuona thukuta likutsika m'khosi mwawo.

Kwathu kukagwa maliro amaika masamba pa njira kuti odutsa atsike pa njinga. Ndinayamba kuwafufuza tili patali. Pa mphambano panalibe. Pa mjigo panalibe, ndipo atsikana ankatunga madzi akuseka. Ndinatchera khutu kuti ndimve nyimbo za amayi a chigwirizano, koma chimene ndinamva ndi wailesi ya munthu wina. Pabwalo la malemu agogo anga, pamene pakanakhala azibambo pansi pa mtengo wa mango, panali mbuzi yomangirira.

Amayi anatulukira kuseri kwa nyumba ndi khasu paphewa ndi mtolo wa chisoso pamutu, miyendo ili matope. Atandiona anaponya khasu, ndipo potula mtolo uja duku lawo lakuda linagwera pansi.

Pamene ndinkachoka mu Januwale amayi anali ndi tsitsi lalitali limene ndinkawaluka ndekha Loweruka lililonse. Kubanja kwathu, maliro akatha, onse apafupi amametedwa mpala. Tsitsi limene ndinaona pamutu pawo linali lometedwa kale, n'kumeranso mpaka kufika poti munthu akhoza kuligwira ndi zala. Tsitsi silimera choncho kuyambira Lachiwiri.

Sindinawakumbatire. Ndinaima pomwe ndinatsikira njinga, chitenje cha mayi wa ku Mwanza chili m'chiuno.

"Amayi, bambo munawaika liti?"

"Lowa kaye m'nyumba, mwana wanga, umwe madzi."

"Munawaika liti?"

Anatola duku n'kuligwira m'manja. "Mu Ogasiti."

Ndinakhala pansi pa dothi lonyowa. Chimene chinabwera choyamba sichinali chisoni, unali mkwiyo umene sindinaumvepo chibadwire. Ndinaganiza za anthu a pansi pa mlambe, za dalaivala wokana ndalama, za azimayi a ana kumbuyo amene anandipatukira pa mzere. Onsewo ndinawanamiza ine, ndi pakamwa panga, amalume ali pambali kuthokoza.

"Dzulo lomweli munandiuza kuti mukudikira."

"Ndikanati chiyani uli pakati pa msewu, m'dziko la eni?"

"Nanga mu Ogasiti? Mu Seputembala? Miyezi yonseyi ndinali pa msewu?"

"Amalume ako anaitanitsa banja. Anati tikakuuza usiya sukulu n'kubwera, ndipo ukabwera sudzabwereranso, mwayi wonse uthera pomwepo. Anati ngakhale a sukulu tisawauze. Ine ndinali ndani kuti nditsutse, mwamuna wanga ali m'bokosi, a kampani akufuna makiyi?"

Ndinatembenukira kwa achimwene, amene anali atatsamira njinga yawo. M'miyezi imeneyo ndinali nditalembera bambo zinthu zimene sindikanauza munthu wina aliyense. Ndinawauza kuti atsikana a m'kalasi ankaseka Chingerezi changa, kuti ndinkalirira kubafa madzi akutuluka kuti eni nyumba asamve, kuti tsiku lina ndinafuna kungothawa. Mayankho ake ndinkawawerenga mobwereza mpaka kuwaloweza.

"Zonse zija munkayankha ndinu?"

"Ndinkayankha mmene akanayankhira iwowo," anatero motsitsa. "Umaganiza kuti zinali zophweka kwa ine?"

Mwina sizinali zophweka. Tsiku limenelo sindinafune kudziwa.

Anandiperekeza kumanda madzulo omwewo. Mtumbira unali utatitimira ndi mvula, udzu utamera pamwamba, nkhata za maluwa zitasanduka timawaya ta dzimbiri. Ndinaima pamenepo kufunafuna nkhope ya bambo m'mutu mwanga, ndipo imene inkabwera ndi ya pa depoti mu Januwale, akundiuza kuti ndisamadye zinthu zosadziwika. Amalume anafika dzuwa litalowa, opanda shuga, n'kukhala pampando kufotokozera anthu mmene ulendo unavutira. Kwa ine anangoti, "Udzamvetsa ukadzakula."

M'mawa mwake kunabwera azakhali anga, alongo awo a bambo, ndi lezala latsopano ndi sopo m'kambale. Anati pa ana onse ndi abale onse, wotsala wosametedwa ndinali ine ndekha, ndipo mwambo sungatsekedwe mutu umodzi uli ndi tsitsi. Anayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kundikhazika. Ndinali ndi mangongo amene mnzanga wa ku sukulu kuja anandiluka tsiku lotsanzikana, ndipo azakhali anayamba kuwadula ndi sizasi limodzilimodzi n'kumawaika pambali.

Pamenepo ndi pamene chisoni chinandipeza. Ndinalira mokweza, kuitana bambo anga, mmene munthu amalirira pa siwa. Ndinkayembekezera kuti wina alandira, chifukwa kwathu wolira salira yekha, mmodzi akayamba nyumba yonse imatsatira. Palibe analandira. Achimwene anali atapita kale ku siteji. Amalume ankafunsa mnyamata wina za galimoto yopita ku Chinakanaka kuti akatenge katoni yawo. Ana a oyandikana nawo anabwera kudzasuzumira, ataona kuti palibe chachilendo anabwerera kukasewera. Amayi anabwera n'kukhala pamphepete pa mphasa, anayesa kutulutsa mawu a maliro, koma anangomveka kamodzi n'kuzima. Sindikuti sankawakonda bambo. Anali atalira kale misozi yawo yonse pa nthawi yake, ali ndi anzawo owagwira.

"Amayi, tsiku limenelo kunabwera anthu?"

"Kunadzaza, mwana wanga. A m'malaini onse, a ku mpingo, mpaka abale a ku Milanje, ku Mozambique, anawoloka boda. Tinalira usiku wonse."

"Nonse pamodzi?"

"Tonse pamodzi."

"Nanga ine ndilira ndi ndani?"

Amayi anayang'ana mphasa. Azakhali anapaka sopo m'mutu mwanga, anapukuta lezala pa chitenje chawo, n'kundigwira pachipumi.

"Weramitsa mutu, Edina. Usagwedezeke, ndingakucheke."